Apeki a Pabwalo, ku Nkhotakota ndi ku Japan

M'chaka cha 2005, pamene bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa Achewa ndi chuma chopambana cha mtundu wa anthu, linalengezanso chimodzimodzi za kabuki, zisudzo zakale za ku Japan zimene zinayambira ku Kyoto cha m'ma 1603. Ndipo chinkana ulemu unagwera ovina ndi osewera, monga kuyenera, alipo wantchito wina amene maso a khamu samuona, ndiye mpeki, amene mawu onse omveka pabwalo amayamba abadwa mumtima mwake.

Ku Japan ntchitoyi inali ya makwerero. Mnyamata wolowa m'nyumba ya zisudzo ku Edo, mzinda umene lero ukutchedwa Tokyo, sankaloledwa kupeka kanthu. Ankakopera wosewera aliyense mawu ake, ankawomba timitengo tiwiri todziwitsa kuti sewero layamba, ndipo ankanong'oneza woiwala mawu, kufikira zaka zitachuluka atakwera kukhala mkulu wa alembi, woyala nkhani yonse ndi kugawira aang'ono ake zigawo zoti alembe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Tsuruya Nanboku wachinayi, wobadwa mu 1755, anatumikira chomwechi mpaka ali pafupi ndi zaka 50, ndipo sewero lake lamizukwa la Yotsuya Kaidan analitulutsa mu 1825, imvi zili mbuu. Ngakhale atafika pampandowo, mlembi ankakhalabe mtumiki, pakuti ankalemba moyesa mawu ndi mayendedwe a wosewera wotchuka wa m'nyumbamo.

Kuno kunyanja ku Nkhotakota, chinkana ku Linga Chisilamu chinazika mizu kuyambira masiku a Jumbe Salim bin Abdullah m'zaka za m'ma 1840, ndipo Aangilikani anadza pambuyo pake ndi tchalitchi ndi sukulu, m'midzi ya Achewa ya kwa Mwadzama ndi kwa Mwansambo ng'oma za gule sizinaleke kulira pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Mpeki wa kumeneko alibe pepala kapena nyumba ya ntchito. Masana ndi mlimi wa mpunga ndi chinangwa, kapena msodzi wa ku Chia. Luso lake analitola pang'onopang'ono ali chikhalire kumapazi a akulu. Zakudambwe n'zakudambwe, ndipo sindidzaziika papepala. Koma zochitika pabwalo aliyense amaziona, ndipo n'zokwanira kutionetsa kulemera kwa ntchitoyi.

Pakuti taonani chimene chifunika kwa iye. Nyimbo yake ikhale ya mawu ochepa, kuti amayi oomba m'manja aigwire msanga ndi kuivomera. Igwirizane ndi ng'oma ya mbalule, imene imalankhula ndi mapazi a chilombo. Iyenerane ndi khalidwe la mwini wake, popeza Chadzunda ali ndi ulemerero wa gogo, Maliya ali ndi kudekha kwake, Simoni wankhope yofiira uja ali ndi matama a mlendo, ndipo Kasiyamaliro sayimbiridwa mwachibwana. Koposa zonse, idzudzule mophiphiritsa. Mkamwini waulesi, mwamuna wachimasomaso ndi mfumu yaumbombo amamva zawo pamaso pa mudzi wonse popanda dzina kutchulidwa, monganso alembi a ku Edo ankasamutsira nkhani za masiku awo m'nyengo zamakedzana pothawa dzanja la boma, limene linkaletsa kuonetsa zochitika za akuluakulu. Ndipo dziko likasintha, mpeki sagona: pamene zinafika njinga zamoto ndi ndege za helikopita, bwalo linazilandira pamodzi ndi nyimbo zake.

Za malipiro n'zimene zimandiwawa mtima. Anthu akamasupa, ndalama imaponyedwa kumapazi a chilombo chimene chawasangalatsa, osati kwa iye amene anagona usiku akusula mawu. Ndipo nyimbo ikakoma, imawoloka Bua ndi Dwangwa, nifika kutali, dzina la mwini wake litatsala m'njira. Koma ku Japan, mlembi wa kabuki Kawatake Mokuami, amene anamwalira mu 1893, anasiya masewero pafupifupi 360, ndipo ena mwa iwo akuwerengedwa ndi kuseweredwa kufikira lero ndi dzina lake pamwamba. Ndithudi mwambo wathu uli ndi chifukwa chake chobisira munthu, pakuti olankhula pabwalo ndi mizimu ya makolo. Komabe nkhalamba yodziwa nyimbo ikatsikira kuli chete, pamodzi nayo pamapita matanthauzo amene achinyamata amangoimba osawamvetsa.

Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, nakhala zaka zambiri akusonkhanitsa nyimbo za gule ndi kumasulira kwake kuchokera pakamwa pa akuluakulu. Ntchito yotereyi ikufunikanso m'mbali mwa nyanja muno, ndipo oyenera kuitsogolera ndi mafumu eni mizinda, amene adziwa chimene chingalembedwe ndi chimene chiyenera kutsala kudambwe.