Kudziwa Mtengo Weniweni wa Chilembo Chonyezimira cha pa Tcheni

Chilembo chopachika pa tcheni, chomwe nthawi zambiri chimakhala choyambirira cha dzina la mwiniwake, ndi chodzikongoletsera chotchuka pakati pa oimba a hip-hop komanso achinyamata otengera kavalidwe kawo. Chamba cha nyimbochi chinayambira ku Bronx mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 magulu monga Run-DMC anatchukitsa matcheni okhuthala a golide. M'ma 1990 amisiri monga Jacob Arabo wa ku Manhattan anatchuka chifukwa chomwaza timiyala ta dayamondi pa zinthuzi. Masiku ano zilembo ziwiri zooneka zofanana zikhoza kusiyana mtengo kutalitali, pakuti kunyezimira pakokha sikuulula zimene chinthu chapangidwa nazo.

Kuwerengera mtengo kumayambira pa chitsulo. Kuseri kwa chilembo, kapena pa kamphete kolowetsamo tcheni, pamakhala chidindo. Golide wa 24K ndi wosasakaniza, wa 18K ali ndi magawo 75 pa 100 a golide weniweni, wa 14K ali ndi magawo 58.5, ndipo wa 10K ali ndi 41.7. N'chifukwa chake zidindo zina zimangolembedwa 750, 585 kapena 417. Nambala ya 925 imaimira siliva, pamene zilembo GP zimasonyeza kuti golideyo anangomupaka pamwamba. Poti chidindo chikhoza kukhala chabodza, akatswiri amayezanso chitsulocho ndi asidi kapena makina. Ku Britain, lamulo la 1973 limafuna kuti chinthu cha golide cholemera kupitirira galamu imodzi chidindidwe ndi maofesi oyeza zitsulo a ku London, Birmingham, Sheffield kapena Edinburgh.

Akadziwa mtundu wa golide, akatswiri amaika chilembocho pa sikelo n'kuchotsera kulemera kwa miyala. Mwachitsanzo, chilembo cha 14K cholemera magalamu 20, chokhala ndi miyala yolemera magalamu 0.4, chili ndi golide weniweni wokwana magalamu pafupifupi 11.5. Akachulukitsa nambalayi ndi mtengo wa golide pa tsikulo, amapeza mtengo wotsikitsitsa umene chinthucho chingagulidwe. Zilembo zotambalala ngati M ndi W zimadya golide ndi miyala yambiri kuposa I kapena L, ndipo chilembo chamkati mopanda kanthu chimapepuka ngakhale chioneke chachikulu.

Chachiwiri ndi mtundu wa miyala. Dayamondi wokumbidwa pansi ndiye wodula kwambiri. Dayamondi wopangidwa mu labotale ndi dayamondi ndithu, wolimba chimodzimodzi, koma mtengo wake watsika kwambiri m'zaka zapitazi. Palinso moissanite, mwala wotchedwa dzina la Henri Moissan amene anautulukira mu 1893. Mwalawu umathwanima kwambiri ndipo umatha kupusitsa makina wamba oyezera dayamondi pogwiritsa ntchito kutentha. Wotchipitsitsa ndi cubic zirconia, amene amakalika ndi kuzilala pakapita nthawi.

Ubwino wa dayamondi amauona pa zinthu zinayi zimene bungwe la Gemological Institute of America linakhazikitsa: kulemera, mtundu, kuyera kwa mkati ndi kadulidwe. Kulemera kumayezedwa m'makarati, ndipo karati imodzi ndi magalamu 0.2. Mtundu umayambira pa D, woyera mbee, mpaka Z, wachikasu pang'ono. Zilembo VVS, zomwe oimba amakonda kuzitchula, zimatanthauza kuti timadontho ta mkati mwa mwala ndi tating'ono kwambiri moti sitioneka msanga ngakhale pa galasi lokulitsa kakhumi.

Pa kulemera kwa miyala ndi pamene ogula ambiri amasocherera. Wogulitsa akanena kuti chilembo chili ndi makarati awiri, amakhala akuphatikiza timiyala tonse. Timiyala 100 tolemera karati imodzi pamodzi sitingafike n'komwe pa mtengo wa mwala umodzi wa karati yathunthu, chifukwa miyala ikuluikulu ndi yosowa. Timiyala totere sitikhalanso ndi chikalata chakechake chotsimikizira ubwino wake, choncho umboni wake umangodalira mawu a wogulitsa kapena kuyeza kwa katswiri wina.

Luso la mmisiri nalonso limawonjezera mtengo. Pa chilembo chabwino, mwala uliwonse umagwiridwa ndi timano tachitsulo, mizere imakhala yowongoka, ndipo kamphete ka pamwamba kamakhala kolimba. Pa zotchipa miyala amangoimata ndi guluu, ndipo siichedwa kuthothoka.

Chilembo chimodzi chimakhala ndi mitengo itatu. Wa m'sitolo umaphatikiza ntchito ya mmisiri, dzina la kampani ndi phindu la wogulitsa. Wa inshuwalansi ndi ndalama zogulira china chatsopano ngati choyambacho chitatayika. Mtengo wogulitsiranso ndiwo wotsika kwambiri, makamaka chifukwa chilembo chimangoyenera anthu a dzina loyamba ndi chilembocho, motero ogula ambiri amangowerengera golide woti asungunule. Wogula wanzeru amafunsa lisiti yolembedwa mtundu wa golide, kulemera kwake ndi mtundu wa miyala, ndipo asanapereke ndalama zambiri amakayezetsa kwa katswiri amene sakugulitsa nawo.