Mbale zakale za nyimbo: mmene kompyuta ingapulumutsire mawu ake

M'nyumba zina za ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mudakali mbale zakuda za nyimbo, zosungidwa m'masutikesi akale pamodzi ndi zithunzi ndi makalata. Zambiri zidabwera ndi abambo amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, kapena kuminda ya fodya ku Zimbabwe. Gumbagumba woziyimbira, amene pa Chipwitikizi amati gira-discos, adafa kalekale, ndipo ana obadwa lero sadamvepo chimene chili m'mbalezo.

Mbale zotsalazi ndi zochepa. Pa nkhondo imene idatha mu 1992, anthu ambiri a m'malire muno adathawira ku Malawi ndi ku Zambia atangonyamula ana ndi zofunda, katundu wina n'kutsalira moto ndi chiswe. Makampani ena amene ankadinda mbale adatseka, ndipo matepi awo oyambirira si onse amene adasungika. Choncho mbale imene ili pansi pa bedi ikhoza kukhala imodzi mwa zochepa zimene zikusungabe nyimbo ija. Ikasweka, mawu a woyimbayo apita nayo.

Mawu amakhala bwanji m'mbale?

Pamwamba pa mbale pali kamzere kamodzi kokha, kozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Kamzereka si kosalala: m'mbali mwake muli timakhotakhota tosaoneka ndi maso. Mbale ikamazungulira, singano imatsata kamzereko n'kumanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumasanduka mphamvu yochepa ya magetsi imene imakuzidwa mpaka kumveka pa sipika.

Mbalezi zilipo za mitundu itatu, malinga ndi maulendo amene zimazungulira pa mphindi. Zakale kwambiri ndi za 78, zolemera ndi zosachedwa kusweka, zopangidwa ndi utomoni wotchedwa shellac. Zazikulu za 33, zotchedwa LP, zidayamba mu 1948 ndi kampani ya Columbia ku America, ndipo mbali imodzi imatenga mphindi pafupifupi 20. Zazing'ono za 45 zidatuluka mu 1949, ndipo kawirikawiri zimakhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse. Za 33 ndi za 45 ndizo zopangidwa ndi pulasitiki wotchedwa vinyl.

Vuto lake ndi lakuti nthawi iliyonse imene singano yadutsa, kamzere kaja kamaperepeseka pang'ono. Singano ikakhala yakutha, kapena mbale ikakhala ndi fumbi, kuwonongekako kumafulumira.

Kusamutsira nyimbo mu kompyuta

Masiku ano kuli magumbagumba okhala ndi chingwe cha USB cholowetsa mu kompyuta. M'kati mwake muli tizipangizo tiwiri tofunika. Koyamba kamakuza mphamvu yochokera ku singano ndi kubwezeretsa mawu mwakale, chifukwa podinda mbale amachepetsa dala mawu a besi kuti kamzere kasatakate, n'kukweza mawu ang'ono. Popanda kachipangizoka nyimbo imamveka yowonda, yopanda ng'oma. Kachiwiri kamayeza mawuwo kambirimbiri n'kulemba muyezo uliwonse ngati nambala. Pa mlingo wa CD, kamayeza maulendo 44,100 pa sekondi imodzi. Nyumba zosungira zinthu zakale zimakonda maulendo 96,000 kuti pasatayike kanthu. Manambala amenewa ndiwo fayilo ya nyimbo, ndipo angakoperedwe kangati konse popanda kuperepeseka.

Pulogalamu yojambulira siyifuna ndalama. Audacity ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito ngakhale pa kompyuta yakale. Munthu amayimba mbali yonse ya mbale kamodzi, pulogalamuyo ikujambula, kenaka amadula nyimbo imodziimodzi n'kuipatsa dzina. Imathanso kuchotsa kuthetheka kobwera ndi zokanda, koma akatswiri amalangiza kuti fayilo yoyamba isungidwe monga idatulukira, ndipo kukonza kuchitike pa kope lina. Kuchotsa phokoso mopyola muyezo kumachotsanso mawu a gitala ndi a chisekese.

Mtundu wa fayilo nawo ndi wofunika. WAV imasunga zonse, koma ndi yaikulu: mphindi imodzi pa mlingo wa CD imadya pafupifupi 10 MB, kutanthauza kuti LP yathunthu imafika cha m'ma 400 MB. MP3 imachepa pafupifupi kakhumi chifukwa imataya mbali ina ya mawu. WAV ili ngati chimanga cha mbewu, MP3 ngati chopita kuchigayo. Ya MP3 ndiyo yoika m'foni ndi kutumizira abale pa WhatsApp.

Mbale za 78 zimafuna singano yakeyake, yokulirapo kunsonga. Gumbagumba akakhala wopanda liwiro la 78, mbaleyo ingajambulidwe pa 45, liwiro n'kulikonza mu pulogalamu. Koma mbale ya vinyl isayikidwe pa galamafoni yopukusa ndi dzanja, chifukwa singano yake yachitsulo imalima kamzere kaja n'kukawonongeratu.

Kuwerenga mbale popanda kuikhudza

Nanga mbale yosweka kapena yofooka kwambiri? Ku America, katswiri wa sayansi Carl Haber ndi anzake a ku Lawrence Berkeley National Laboratory adapanga makina otchedwa IRENE, amene amajambula zithunzi za kamzere kaja mokuza kwambiri. Kompyuta imatsata timakhota ta pa chithunzicho monga ikadachitira singano, n'kutulutsa mawu. Ngakhale zidutswa za mbale yosweka zingajambulidwe n'kulumikizidwa. Makinawa amagwiritsidwa ntchito ku Library of Congress. Ku Japan, kampani ya ELP imapanga gumbagumba wowerenga mbale ndi kuwala kwa laser m'malo mwa singano, koma ndi wodula kwambiri, ndipo fumbi lililonse amaliwerenga ngati phokoso. Makina otere sali pafupi ndi mlimi, komabe akuphunzitsa chinthu chimodzi: mbale yong'aluka si yotaya.

Kuno ku Africa ntchito yotereyi idachitikapo. Hugh Tracey adayendayenda m'maiko ambiri, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, kujambula nyimbo za m'midzi. Mu 1954 adakhazikitsa International Library of African Music, ndipo adatulutsa mbale 210 za mndandanda wotchedwa Sound of Africa, momwe mulinso nyimbo za Chinyanja. Nkhokwe imeneyi tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Nyimbozo zidasamutsidwira m'makompyuta, ndipo makope ena abwezedwa kumadera kumene zidajambulidwa, adzukulu n'kumva mawu a agogo awo.

Zimene banja lingachite lero

Ntchito yoyamba siyifuna magetsi. Mdani wamkulu wa vinyl ndi kutentha. Mbale yosiyidwa padzuwa kapena pafupi ndi denga la malata mwezi wa Okutobala imapindika, ndipo kuiwongola n'kovuta. Mbale zisungidwe choimirira, osati mosanjikiza, pamalo ozizira ndi ouma, iliyonse m'chikwama chake. Pogwira, zala zikhale m'mphepete ndi pakati pokha. Popukuta pafunika kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi madzi oyera, kotsata mmene kamzere kakuzungulirira, osanyowetsa pepala la pakati. Sipiriti kapena kachasu asayandikire mbale ya 78, chifukwa mowa umasungunula shellac.

Ntchito yachiwiri ndi kulemba. Pepala la pakati pa mbale lijambulidwe ndi foni, mbali zonse ziwiri, pakuti pamenepo pali dzina la woyimba, la kampani ndi nambala ya mbale. Akuluakulu afunsidwe adakali moyo: adaigula ndani, kuti, ndipo inkavinidwa pa zochitika zanji. Fayilo yopanda dzina ili ngati thumba la mbewu losadziwika mtundu.

Gumbagumba wa USB safunika pa banja lililonse. Mmodzi yekha, ataikidwa pasukulu, pa wailesi ya m'dera kapena pa bungwe la alimi pomwe pali kompyuta, angatumikire midzi yambiri.

Nyimbo zikalowa mu kompyuta, nkhani siyinathe. Memori khadi imafa mosachenjeza, foni imabedwa kapena kugwera m'madzi. Akatswiri amalangiza makope atatu, ndipo limodzi likhale kunyumba ina, monga mlimi wochenjera amene sasunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi. Pakapita zaka zingapo, mafayilo akoperedwe pa chipangizo chatsopano. Kusungira banja n'kosiyana ndi kugulitsa: woyimba ndi olowa m'malo mwake ali ndi ufulu pa nyimbo zawo, ndipo wofuna kuchita nazo malonda ayenera kupempha chilolezo.

Mbale yeniyeniyo isatayidwe ngakhale kope litapangidwa. Yosungidwa bwino imakhala zaka zoposa 50 ikuyimbabe, zimene memori khadi singalonjeze, ndipo makina a mtsogolo adzatha kuiwerenga bwino kuposa a lero.