Khansa ya m'magazi: zomwe timanena ndi zoona zake

Mwana akamatuwa, kufooka, kutuluka magazi m'nkhama ndi kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, timayamba kunong'onezana. Sitilakwa kufuna yankho, koma mayankho ena amatiphetsa odwala.

"Alipo amene akumupopa magazi usiku"

Magaziwo sakupita kwa munthu, akulephera kupangidwa. Amapangidwa m'mongo wa mafupa, momwe muli maselo amene amabala maselo ena onse a magazi. Ofiira okha amabadwa pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi. Khansa ikalowa, maselo oyera olakwika amachulukana n'kudzaza mongowo, abwino n'kusowa malo. Ife tili kalikiliki kusaka mfiti, gogo wosalakwa n'kuthamangitsidwa pamudzi, mwana uja akungotheratu.

"Matendawa ngakhale madokotala sadziwa gwero lake"

Zambiri zikudziwika. M'selo lililonse muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa microRNA, timene timaletsa malangizo ena a m'selo kuti asagwire ntchito mopitirira muyezo, ngati mabuleki a njinga pamtsetse. Timathandiza maselo a m'mongo kudziwa nthawi yopuma, yoberekana ndi yofa. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun adazindikira ntchito ya tizidutswati mu 1993 pofufuza kanyongolotsi, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 2024. Mu 2002, George Calin ndi Carlo Croce ku America adapeza kuti tiwiri, miR-15 ndi miR-16, timasowa kapena kuchepa mwa odwala ambiri a khansa ya m'magazi yotchedwa CLL, imene imakonda achikulire. Tikasowa, puloteni ya BCL2 imachuluka, ndipo maselo oyenera kufa amakana kufa. Lero kuli mankhwala, venetoclax, otsekereza puloteniyo.

"Akangomuika magazi achira"

Amapezako mphamvu, inde, koma mongo ukadali wodwala. Kumutulutsa m'chipatala chifukwa wayamba kudya ndi kumubweza kumene wachoka.

"Khansa ilibe mankhwala, kuli bwino akafere kumudzi"

Mawu awa ndi amene amatimaliza. M'maiko olemera, pa ana 10 odwala khansa ya m'magazi yotchedwa ALL, pafupifupi 9 amachira. Kuno ochira ndi ochepa, ndipo kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira ndi zina mwa zifukwa zake. Ku zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amathandiza ana a khansa. Mwana akamadwaladwala malungo osapezeka, pemphani kuti amuyeze magazi onse, ndipo akakutumizani kuchipatala chachikulu, musazengereze.