Anthu a makala a ku Dzalanyama

Mbandakucha, pamsewu wa ku Likuni, mumakumana ndi abambo akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi a makala, thukuta lili kamukamu. Ananyamuka dzulo ku Dzalanyama. Pachitunda amakankha atawerama, pamtsetse amakwekwesa phazi pansi kuti njinga isawathawe.

Ntchitoyi imayambira kutali ndi msewu. Wowotcha makala amagwetsa mombo, tsamba kapena muwanga, amadula zipika n'kuzisanja mulu, amafunditsa udzu ndi dothi, kenako amayatsa pakabowo. Uvuniwo umafuka masiku angapo ndipo mwini wake sagona tulo, chifukwa dothi likabooka mphepo n'kulowa, thukuta lonse limasanduka phulusa. Ngakhale zitayenda bwino, makala amene amafukula ndi ochepa poyerekeza ndi mitengo imene anagwetsa. Yambiriyo yapita ndi utsi, ndipo mpweya umene mitengoyo inasunga zaka makumimakumi wakwera kumwamba kukawonjezera kutentha kwa dziko.

Nkhalango ya Dzalanyama ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza damu la Kamuzu, kumene mzinda wa Lilongwe umamwa. N'chifukwa chake mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akathandize alonda a nkhalango, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa. Alondawo ndimawamvera chisoni. Ndi ochepa, nkhalango ndi yaikulu, ndipo munthu amene akumulanda nkhwangwa nthawi zina ndi wa m'mudzi mwawo momwe.

Koma ine mtima umandiwawa wowotcha makala akamatchedwa mdani. Amene amapemerera uvuni wake ndife a m'tauni, ndi mbaula zathu za ku Kawale ndi ku Area 25, makamaka magetsi akazima. Iye amapeza kangachepe, phindu lenileni limatsalira a malole ndi ogulitsa m'misika. Mumuuze kuti aleke, akufunsani kuti ana adya chiyani madzulo ano.

Yankho lina lili m'nkhalango momwemo. Mlimi wa njuchi amafuna mombo uli chiimire, chifukwa uchi umachokera m'maluwa ake, ndipo akakoloweka mng'oma pamtengo, mtengowo wapeza mlonda wosalipidwa. Amayi othyola bowa ndi otola masuku nawonso amadya za mtengo wamoyo. Vuto ndi nthawi. Mng'oma umafuna miyezi kuti ubale, pamene thumba la makala likafika ku Lilongwe m'mawa, masana mwini wake wagula kale ufa.