Mamita 6 a wothandizira m'chipatala cha maso

Kuchokera pampando wa wodwala kukafika patchati chopachikidwa kukhoma pali mamita 6 okha. Tsiku lonse la wothandizira m'chipatala cha maso limathera pa kamtunda kameneka.

Patchatipo pali chilembo chimodzi, E, cholembedwa mobwereza, chachikulu pamwamba n'kumanka chichepa mpaka pansi. Miyendo yake itatu imaloza kumwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere. Anachikonza dala chotero kuti ndi agogo omwe amene sanapondeko m'kalasi athe kuyankha pongoloza ndi dzanja.

"Agogo, phimbani diso lakumanzere ndi chikhatho, koma musalipsinje. Miyendoyi yaloza kuti?" Mawu amenewa wothandizira amawabwereza kuyambira m'mawa mpaka benchi itapepuka.

Zimene wapeza amazilemba m'kabuku ka kuchipatala. Akalemba 6/6 ndiye kuti diso likuona bwinobwino. Akalemba 6/60 ndiye kuti zimene munthu wa maso abwino amaziona ali pa mamita 60, uyu akuziona atasendera pa mamita 6. Chilembo chachikulu chija chikakanika, wothandizira amaimika zala kuti wodwala awerenge. Zala zikakanika amagwedeza dzanja pamaso pake, ndipo pomaliza amayatsa tochi kuti adziwe ngati diso likuzindikirabe kuwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu ndi wosaona ngati diso lake labwinopo silikufika pa 3/60.

Kayezedwe aka n'kakale. Anakayambitsa ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862. Kamaoneka kophweka, koma kali ndi misampha. Mwana wofuna magalasi ngati a mnzake amanamizira kusaona. Dalaivala woopa kutha kwa ntchito amasuzumira pakati pa zala. Mdzukulu amene waperekeza agogo amawanong'oneza mayankho poganiza kuti akuwathandiza. Wothandizira akapupuluma, dokotala amalandira nambala yabodza, ndipo chiganizo chonse chimayambira pabodzapo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa odwala, aliyense wovala yunifolomu ndi adokotala. Koma pantchito ya maso pali magulu. Pali madokotala akuluakulu a maso, amene ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu monga za Lions Sight First ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ndi ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe. Pali makiliniko ofesa a maso ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene ndiwo nsanamira m'zipatala za m'maboma. Pali akatswiri oyeza maso ndi kulembera magalasi, amene ena amaphunzira ku Mzuzu University, ndiponso anamwino. Wothandizira ali pansi pa onsewa. Satchula matenda, salembera mankhwala, sagwira mpeni wa opaleshoni. Komabe ndiye woyamba kumulandira wodwala, ndiponso womaliza kulankhula naye asananyamuke ulendo wa kumudzi.

Dokotala akafuna kuona mkati mwa diso, wothandizira amadonthezamo mankhwala okulitsa kamwana ka diso. Asanadontheze amachenjeza kuti mankhwalawo alumako pang'ono, ndipo kwa maola angapo dzuwa lidzathobwa m'maso, zinthu zapafupi n'kumaoneka mbuu. Akaiwala kunena zimenezi, mbiri imene imafika kumudzi ndi yoti munthu anapita akuona, ku chipatala amuwonongera maso. Mudzi wonse ungaleke kubwera chifukwa cha chenjezo limodzi losaperekedwa.

Ntchito yolemera kwambiri ndi kufotokoza. Pabenchi imodzi pamatha kukhala agogo awiri, onse ochita kugwidwa dzanja. Wina ali ndi ng'ala: kagalasi ka mkati mwa diso kachita chifunga, ndipo opaleshoni ingamubwezere kuona. Winayo ali ndi glaucoma, matenda amene amadya mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri chifukwa madzi a m'diso akupanikiza mopyola muyezo, umene mwa anthu ambiri umakhala pakati pa 10 ndi 21 pa chipangizo choyezera. Mtsempha ukafa suukanso. Mankhwala amangoteteza zimene zatsala, ndipo odontheza amafunika tsiku ndi tsiku osadukiza. Dokotala amanena zimenezi mwachidule chifukwa mzere ndi wautali. Wothandizira ndiye amatsala ndi funso la agogo achiwiriwo: bwanji mnzangayu mukumuchita opaleshoni, ine mwangondipatsa kabotolo?

Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lapansi, ngakhale kuti imachizika. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma chinatchuka ndi opaleshoni imeneyi. Koma mantha amafika patsogolo pa wodwala. Ena amamva kuti diso amalikolowola n'kuliika m'mbale. Wothandizira amakhala nawo pansi n'kuwauza kuti diso silichoka m'malo mwake, kuti sawagoneka tulo koma amangochititsa dzanzi disolo, ndi kuti dokotala amachotsa kagalasi kachifungako n'kuikamo kena kochita kupanga. Nthawi zambiri ntchitoyo sitenga ndi theka lomwe la ola. Tsikulo wothandizira amatsimikiza kawiri kuti diso loti lichitidwe ndi liti, amaonetsetsa kuti zida zaphikidwa bwino, ndipo agogo akanjenjemera pansi pa nsalu, dzanja limene amaligwira limakhala lake.

Malangizo a potuluka amawapereka poganizira moyo wa kumudzi. Kungoti "musamale diso" sikuthandiza mayi amene mawa lake akasonkha moto m'khitchini yodzaza utsi. Amawauza mosabisa kuti asatikite diso, apewe utsi ndi fumbi, ayambe aleka kusinja ndi kupeta, asambe m'manja asanagwire kabotolo. Kwa amene sawerenga, nthawi ya mankhwala amaimangirira ku dzuwa: potuluka, pamutu, popendeka ndi pogona. Kenako amauza mdzukulu kuti adontheze iye akuona.

Palinso funso limene amalifunsa motsitsa mawu: "Amayi, musanabwere kuno munathiramo chiyani?" Mayankho amawadziwa kale: mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga, ngakhale mkodzo. Tsamba la chimanga likakanda diso nthawi yokolola, kachilonda koti kakanapola ndi mankhwala a kuchipatala kamasanduka bala lalikulu chifukwa cha zothirathirazi. Zinaonekanso mu 2024, pamene matenda ofiiritsa maso anabuka ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena, a zaumoyo n'kumachenjeza anthu kuti asathire m'maso zinthu zosayenera. Wothandizira wokalipa amayankhidwa kuti "palibe". Wofunsa mwaulemu amauzidwa zoona, ndipo dokotala amadziwa chimene akulimbana nacho.

Khama lotere lili ndi zipatso zooneka. Mu September 2022, WHO inalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto lalikulu la zaumoyo, dziko loyamba kutero kummwera kwa Africa. Matendawa akakhalitsa amapindira chikope mkati, nsidze n'kumakanda diso mpaka kulipha. Kuti agonje panafunika maopaleshoni a zikope, mankhwala a azithromycin, kusamba kumaso ndi ukhondo wa pakhomo, komanso anthu ambirimbiri amene mayina awo sanalembedwe paliponse, oyenda m'midzi kutembenuza zikope za ana ndi kulemba mayina m'kaundula.

M'mawa wotsatira opaleshoni ya ng'ala, odwala amandanda pabenchi, aliyense ndi bandeji kudiso. Wothandizira amamatula pulasitala pang'onopang'ono, n'kupukuta manthongo ndi thonje. Ena amaphethira kaye osalankhula. Ena amayang'anitsitsa chitenje chimene avala, ena amadabwa kuti mdzukulu watalika chonchi. Nthungululu ikalira, amene amathokozedwa ndi amene ali pafupi: "Zikomo adokotala."

Iye amawauza kuti adokotala abwera posachedwa, n'kuwatsogolera kumpando uja wa mamita 6. Ulendo uno agogo amayenda okha. Amaloza miyendo ya E mzere ndi mzere, akutsika tchati, ndipo pansi pa pamene dzana panalembedwa kuti akungoona dzanja likugwedezeka, wothandizira amalemba nambala yatsopano. Akatero amaitana wotsatira.