Ntchito ya Kamera pa Tigalimoto ta Mpikisano

M'nkhani ino ndifotokoza ntchito ya kamera imene amaimangirira pa tigalimoto ta mpikisano totchedwa kart. Tigalimototi tilibe denga, ndipo woyendetsa amakhala mongotsala pang'ono kukhudza pansi. Koyamba kanapangidwa ndi Art Ingels ku California mu 1956. Akatswiri monga Lewis Hamilton anaphunzirira pa timeneti ali ana.

Opikisana amasiyana kwambiri pamakona. Woyendetsa akakhala paliwiro sakumbukira bwinobwino malo amene anaponda buleki kapena mmene anakhotera. Kamera imasunga zonsezi. Mpikisano ukatha, iye amaonera kanemayo limodzi ndi mphunzitsi wake, n'kufananiza ulendo wina ndi unzake kuti apeze pamene anatayira nthawi. Pakabuka mkangano woti wagunda mnzake ndani, oweruza nawo amatha kuonera kanema yemweyo.

Komabe kamera siikidwa paliponse. Mabungwe ambiri oyendetsa masewerawa amaletsa kuimangirira pachipewa chodzitetezera, poti pangozi ikhoza kuvulaza mutu kapena khosi. Imayenera kumangidwa molimba pakagalimotoko kuti isathothoke n'kugenda amene ali m'mbuyo.

Kwathu ku Chiradzulu kulibe bwalo la masewera otere, koma ndikuona kuti luso limeneli lingatithandize. Pa Njuli ndi pa Mbulumbuzi anyamata a kabaza wa njinga zamoto amalimbirana msewu wa Zomba ndi maminibasi. Ngozi ikachitika, aliyense amaloza mnzake chala. Kamera ingakhale mboni ya wakabaza, komanso ingamuonetse malo amene iye mwini amayendetsa mosasamala asanavulaze munthu.