Nayuchi ili ku Machinga kapena ku Balaka? Tiyeni tiunike mapu

Funso limeneli limabwerabwera m'magulu a WhatsApp, makamaka wina akaponya chithunzi cha sitima. Yankho lake ndi lalifupi: Nayuchi ili m'boma la Machinga, kumalire ndi Mozambique. Koma amene amasokonezeka tisawaseke, chifukwa mpaka 1998 Balaka yonse inali mbali ya Machinga, ndipo agogo ena mpaka lero amangoti Kasupe, dzina lakale la bomali. Njanji yofika ku Nayuchi nayonso imapatukira pa Nkaya, ku Balaka.

Masiku ano, malo ambiri mtsinje wa Shire ndi umene ukulekanitsa maboma awiriwa. Mukawoloka pa Liwonde kulowera kuzambwe, mwalowa Balaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka.

Tsono malire a kummawawa anachokera kuti? Anajambulidwa mu 1891, pa pangano la Britain ndi Portugal, ndipo azunguwo anangotsata madzi: gombe la kummawa la nyanja ya Chiuta, kenako mzere wolunjika kukafika ku gombe la kummawa la nyanja ya Chilwa. Nayuchi ili pa kamtunda ka pakati pa nyanja ziwirizi. N'chifukwa chake tauni ya tsidya linalo imatchedwa Entre Lagos, m'Chipwitikizi kutanthauza "pakati pa nyanja". Vuto ndi loti nyanja si khoma. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Gombe limasuntha, asodzi amatsata nsomba, mzere wa pa pepala uli pomwepo.

Eni dera sanafunsidwe. Mfumu Kawinga ya Ayawo inali ndi linga lake m'mapiri a Chikala ndipo inalimbana ndi atsamunda mpaka pamene anaigonjetsa mu 1895. Ayawo, Alhomwe ndi Anyanja anapezeka ena ali uku, ena uko. Ndiye munthu wa ku Nayuchi akati malume ake ali ku Mecanhelas, musamayese kuti akunena za kutali. Mecanhelas ndi boma la m'chigawo cha Niassa, lomwe Entre Lagos ili m'kati mwake.

Chinasintha Nayuchi kwenikweni ndi njanji. Inatsegulidwa mu 1970, kuchokera pa Nkaya kudutsa Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kuti Malawi azifika ku doko la Nacala kudzera ku Cuamba. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inaidula m'ma 1980, moti asilikali a Malawi anatumizidwa kukailondera m'kati mwa Mozambique. Nkhondoyo inatha mu 1992. Pano sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize, ku Tete, zimadutsa pomwepa kupita kunyanja. Chuma chambiri chimadutsa pakhomo pathu, eti, koma chotsalira pano ndi fumbi ndi kulira kwa hutala.

Za kayendetsedwe ka boma, makwerero ake ali chonchi. Pamwamba pali khonsolo ya Machinga ndi bwanamkubwa, uja timangoti DC. Pansi pake pali mafumu aakulu, ma T/A, monga Kawinga, Liwonde, Nyambi, Chikweo, Ngokwe, Mposa, Chamba ndi Sitola, kenako magulupu ndi anyakwawa. Pempho la mjigo kapena mlatho limayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku ADC ya kwa T/A, kenako ku khonsolo. Achinyamata ambiri timalalata pa Facebook, koma ku VDC sitipondako, pamene mndandanda wa zitukuko umalembedwa kumeneko.

Apa ndi pamene mapu amawawa. Maofesi a boma la Machinga ali kumbali ya kuzambwe, m'mbali mwa msewu wa Zomba, ndipo chipatala chachikulu cha boma chili ku Liwonde. Nayuchi ili kumapeto enieni kwa mbali inayo. Mayi woyembekezera akamutumiza ku chipatala chachikulu, ayenera kudutsa pafupifupi boma lonse, pomwe dziko la eni ake lili poti n'kufika wapansi. Balaka anaipatula mu 1998 kuti maofesi ayandikire anthu a tsidya la Shire. A kummawa kuno mtunda wathu sunafupike ndi kilomita imodzi yomwe.